Mapesi Asatenthedwe ku Zóbuè

Malangizo a lero akupita kwa alimi a ku Zóbuè ndi anzawo a ku Bagamoyo, ku Moatize.

Mvula ya Novembala ikagwa pamunda wogaulidwa n'kusiyidwa pamtetete, madontho amaswa zibuma, timabowo ta nthaka timatsekeka, madzi n'kuthamanga atasenza chonde. Kumapiri a Zóbuè vutoli limakula, makamaka mizere ikaloza kumtsinje. Khasu lofika pamodzimodzi chaka ndi chaka limalimbitsanso dothi lapansi gwa!

Mapesi oyalidwa amatchinga madonthowo, madzi amalowa pang'onopang'ono. Bungwe la FAO limati zophimbira zisachepere magawo 30 pa 100 a munda. Ngakhale ku Moatize, kotentha kuja, chinyezi chimakhalitsa pansi pa mapesiwo.

Chovuta ndi moto wa osaka mbewa ndiponso mbuzi zongotayirira. Apa pakufunika mawu a anyakwawa mwezi wa Ogasiti usanafike.