Phunziro la mwezi uno: Magazi amachepa bwanji mwa munthu amene ali ndi HIV?

Achinyamata anzanga, m'makalabu mwathu timakamba kwambiri za maselo oyera a CD4 amene kachilombo ka HIV kamawononga. Lero ndikufuna tione maselo ofiira, chifukwa kuchepa kwa magazi kumavutitsa anthu ambiri amene ali ndi kachilomboka.

Maselo ofiira amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, pafupifupi 2 miliyoni pa sekondi imodzi, ndipo lililonse limakhala masiku pafupifupi 120. Selo likakhala laling'ono limakhala ndi malangizo onse a thupi olembedwa mu DNA, amene asayansi amawatcha majini (osati ziwanda zija ayi!). Koma silitsatira malangizo onsewo. Pali mapuloteni amene ntchito yawo ndi kutsegula majini ena ndi kutseka ena. Wamkulu pa ntchitoyi ndi GATA1, amene amamatirira pa DNA n'kutsegula majini opanga himogulobini, chinthu chofiira chonyamula mpweya wa okosijeni. Mpweyawu ukachepa, impso zimatulutsa puloteni ina yotchedwa EPO, yolamula kuti maselo aang'ono aja asafe, akule. Selo likakhwima limalavula phata lake limene muli DNA. Ndiye HIV siingaswane m'maselo ofiira okhwima, mulibe DNA yoti ibisalemo.

Nanga magaziwo amachepa bwanji? Matenda okhalitsa monga HIV ndi TB amachititsa chiwindi kutulutsa hepcidin wambiri, amene amatsekera ayironi kuti asafike kumafupa. EPO nayo imachepa. Munthu angadye bonongwe ndi nyemba tsiku ndi tsiku koma magazi osakwera. Mankhwala a AZT nawonso amafooketsa mafuta a m'mafupa mwa anthu ena, ngakhale kuyambira 2019 ambiri kuno ku Malawi anayamba kulandira ma ARV okhala ndi dolutegravir. Tisaiwalenso malungo ndi njoka zam'mimba.

Choncho mnzanu akamamva chizungulire, kupuma wefuwefu, m'manja ndi m'maso mutayera, musangomuphikira chidede kapena masamba a mapeyala basi. Muperekezeni kuchipatala akamuyeze magazi, adziwe chimene chawachepetsa. Ndipo asasiye yekha ma ARV. Ngati vuto ndi mankhwala, adokotala ndiwo angamusinthire.

Zokambirana pa kalabu: kwanuko anthu amati chimayambitsa kuchepa kwa magazi n'chiyani? Zikugwirizana ndi zimene taphunzirazi?