IMPSO ZIKADWALA, MTIMA UTAYA MABULEKI

Anthu ambiri aganiza kuti mtima wabwino ugunda monga nkoloko, mosasintha konse. Si tero ai. Mtima wa munthu wamkulu amene ali kupumula ugunda nthawi 60 kufikira 100 pa mphindi imodzi, koma mpata wa pakati pa kugunda kumodzi ndi kunzake usintha pang'ono nthawi zonse. Munthu akakoka mpweya mtima ufulumira, akautulutsa ucedwako. Madotolo akucha kusinthaku "heart rate variability", kapena HRV mwacidule, ndipo ndi cizindikiro ca thanzi. Kumeneku sikufanana ndi mtima wodumphadumpha, umene uli matenda ena.

Cimene cilamulira mtima

M'thupi muli mitsempha yonyamula mauthenga kucokera ku bongo, imene igwira nchito munthu osailamula. Iyang'anira mtima, BP, matumbo, thukuta ndi cikhodzodzo. Ili m'magulu awiri. Gulu loyamba, lochedwa "sympathetic", lifulumiza mtima ndi kukweza BP, monga zicitika munthu akaona njoka panjira. Gulu laciwiri lipitira mu mtsempha wochedwa "vagus", ndipo ndilo mabuleki a mtima. Magulu awiriwa akamalandizana bwino, HRV ikhala yokwera.

Cimene impso zodwala zicita

Matenda a impso anenedwa kuti ndi okhalitsa ngati apyola miyezi 3. Kawirikawiri abwera ndi shuga kapena BP. Aononga mitsemphayi m'njira zitatu:

1. Impso yodwala itumiza mauthenga ku bongo amene autsa gulu lofulumiza mtima usana ndi usiku. Mu 1992 madotolo a ku Dallas, ku America, anapeza kuti mwa odwala osefedwa magazi ndi makina a dialysis, mitsempha imeneyi inali kugwira nchito kuposa kawiri pa muyeso wa anthu athanzi. Mwa aja amene anacotsedwa impso zonse ziwiri inali pa muyeso wabwino.

2. Zonyansa zimene zinayenera kutuluka ndi mkodzo zitsala m'magazi ndi kufooketsa mitsempha, pamodzi ndi vagus.

3. Shuga nayo payokha idya mitsempha pang'onopang'ono.

Cotulukapo cake, mtima ugunda mouma, osatha kusintha msanga munthu akaimirira, akataya madzi m'thupi kapena akakhala pa dialysis. Odwala impso amene HRV yao ili yotsika ali pa ngozi yaikulu ya matenda a mtima ndi imfa yadzidzidzi.

Zizindikiro

Wodwala amva cizungulire kapena aona mdima akaimirira, nthawi zina agwa pansi. Akhuta msanga atadya nsima pang'ono. Thukuta licepa kapena licuruka popanda cifukwa. Abambo ena afooka m'nyumba. Wa shuga angaleke kumva kunjenjemera shuga ikatsika, ndipo zimenezi ndi zoopsa.

Kupima kwake

Muyeso weniweni ufuna makina a ECG, kapena kamakina kochedwa Holter kamene wodwala avala maola 24. Koma pali mayeso awiri apafupi. Loyamba, BP ipimidwa wodwala ali cigonere, ndi kupimidwanso ataimirira. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa mkati mwa mphindi 3, pali bvuto. Laciwiri, wodwala apuma mozama nthawi 6 pa mphindi imodzi ali pa ECG. Kusiyana kwa kugunda kwa mtima kukafika 15 ndiye kuti zili bwino, koma kukakhala 10 kapena kucepera mitsempha yafooka. Kwa okalamba kusiyanaku kucepa cifukwa ca zaka.

Zofunika kucita

Wodwala shuga kapena BP apimitse mkodzo ndi magazi a impso kamodzi pa caka. Amwe mankhwala monga anauzidwa, ndipo asawaleke yekha cifukwa ca cizungulire, koma akauze a kucipatala kuti aone muyeso wake. Mcere ucepe, osafika magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi. Kapenta wamcere abviikidwe m'madzi asanaphikidwe, ndipo soda wa mu delele naye acepe. Mapilisi a ululu monga Brufen ndi diclofenac asamwedwe popanda dotolo, pakuti aononga impso. Fodya alekedwe. Kuyenda pansi masiku onse kuthandiza mabuleki a mtima. Podzuka m'mawa, wodwala ayambe wakhala pa bedi kanthawi asanaimirire.

Wodwala impso amene wakomoka, wamva ululu pacifuwa kapena abanika atengedwe kucipatala tsiku lomwelo, osayembekeza tsiku la kiliniki.