Tochi ya m'thumba yopirira mvula ya ku Mzuzu

Ku Mzuzu mdima umagwa ntchito zisanathe. Wa Sacramento, wonyamula anthu pa njinga, amakhala akadali ndi kasitomala wopita ku Chibavi, mlonda wangofika kumene pageti la fakitale ku Luwinga, mayi wa masamba ku Zigwagwa akumanga matumba poti mawa alawira mbandakucha kukapikula. Magetsi a mumsewu amathera m'misewu ikuluikulu. Mukakhotera ku Masasa, ku Ching'ambo kapena ku Mchengautuwa, njira zake n'zotsetsereka, zodutsa m'madambo, ndipo m'dzinja dothi lake limaterera koopsa. Kunyumba nako magetsi ndi osadalirika. Ambiri amachokera kutali, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kudapitirira chaka chathunthu.

Choncho tochi ndi yofunika. Ambiri amati foni ili kale ndi tochi. Ilidi nayo, koma kuwala kwake kumangomwazika pafupi. Imadyanso batire lomwe mukanaimbira m'bale zinthu zitavuta, ndipo ikagwera m'ngalande mwataya manambala onse pamodzi ndi Airtel Money kapena Mpamba wanu. Komanso kuyenda usiku foni ili m'mwamba n'kuitana akuba. Kapepala kano kakufotokoza za tochi yaing'ono ya LED, yokwana m'thumba la malaya kapena la thalauza, ndi mmene mungaisankhire.

Chimene chimafa pa tochi

Matochi akale achitsulo aja, odya mabatire akuluakulu awiri kapena atatu, anali ndi babu la kawaya koyaka. Mphamvu yambiri inkathera m'kutentha, ndipo tochi ikagwa kawayako kankaduka. LED ilibe kawaya. Mukasuzumira m'galasi tochi ili chizimire, muona kadontho kachikasu. Pansi pake pali LED ya buluu, ndipo zachikasuzo n'zimene zimasandutsa kuwalako kuti kuoneke koyera. Akatswiri atatu a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, adalandira mphoto ya Nobel mu 2014 chifukwa cha LED ya buluu imeneyi.

Kadontho kameneka sikafa wamba. Mukatola matochi khumi akufa m'nyumba za ku Chiputula n'kuwamasula, ambiri muwapeza LED ili bwinobwino. Chimene chidafa ndi batire, switchi, kapena sipuling'i imene idachita dzimbiri madzi atalowa. Choncho pogula, maso anu akhale pa zinthu zitatu zimenezi. Nambala zikuluzikulu za pakatoni zibwere pambuyo.

Yambani ndi batire

Funso loyamba kwa wogulitsa likhale ili: imadya batire lanji, ndipo kodi limachoka?

Pali matochi apulasitiki otsika mtengo amene mumangowabaya pakhoma kuti atchaje. Ambiri mwa amenewa ali ndi kabatire ka mtovu ndi asidi komatidwa m'kati. Kabatire kotere kamadana ndi kuphwa kotheratu. Mukakasiya kali kophwa masiku angapo, monga zimakhalira magetsi akamavuta, kamayamba kusunga moto wochepa, mpaka tochi imangoyaka mphindi zowerengeka. Poti sikachoka mosavuta, tochi yonse imatayidwa. Yoteroyo ndi yosungira panyumba, osati yodalira pantchito.

Tochi ya batire limodzi la AA ndiyo ili ndi mtendere wambiri. Batire lake mulipeza paokala iliyonse, ku Dunduzu, ku Ekwendeni ngakhale kumudzi kwenikweni. Koma mabatire a AA ali mitundumitundu. Otsika mtengo, a zinc-carbon, adapangidwira wailesi ndi wotchi ya pakhoma; mu tochi yowala kwambiri amatha msanga ndipo amachucha. A alkaline amakhalitsa, koma nawonso akaiwalidwa m'kati amatulutsa zoyera zija zimene zimadya sipuling'i. Abwino koposa ndi otchaja, olembedwa NiMH. Sachuchachucha, amatchajidwa kambirimbiri, ndipo ngakhale pogula pamafunika ndalama yowonjezera ya tchaja, munthu woyatsa tochi usiku uliwonse amaibweza ndalamayo.

Chenjerani ndi matochi a timabatire titatu ta AAA toikidwa m'kabokosi kozungulira. Amaoneka ochititsa kaso, koma titatu tonseto pamodzi timasunga mphamvu yongoposa pang'ono ya batire limodzi la AA, pamene mukugula atatu. Kabokosiko kali ndi timasipuling'i tambiri, ndipo kalikonse ndi malo ochitira dzimbiri.

Kwa mlonda, kapena aliyense wofuna kuwala usiku wonse, pali batire la lithium lotchedwa 18650. Dzinalo ndi muyezo wake: mamilimita 18 m'mimba mwake, 65 m'litali. Limodzi labwino limasunga mphamvu yofanana ndi ya mabatire a AA otchaja anayi. Matochi ambiri odya batire limeneli ali ndi kabowo ka USB, ndiye mutha kutchaja ndi tchaja ya foni, pa sola, kapena m'galimoto. Vuto lake ndi mabatire afeki. A 18650 enieni amathera cha m'ma 3,500 mAh (mAh ndi muyezo wa moto umene batire limasunga). Mukaona lolembedwa 6,800 kapena 9,900 mAh, lisiyeni pomwepo. Linyamuleninso m'manja: lenileni limalemera pafupifupi magalamu 45, pamene lafeki nthawi zambiri limapepuka moonekeratu. Ena amachotsa mabatire amenewa m'malaputopu akale n'kuwakuta pepala latsopano. Amayaka ndithu, koma palibe akudziwa kuti adatopa motani.

Lithium ndi wofunika ulemu. Musaike batire lapadera m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobidi, chifukwa chitsulo chikagunda mbali zonse ziwiri limatentha mpaka kuyaka. Lotupa, lophwanyika kapena long'ambika chikuto musaligwiritse ntchito. Musatchaje pamatiresi kapena pansi pa pilo, ndiponso musasiye likutchaja inu mutachoka. Palinso lina lolembedwa 14500, lofanana ndendende ndi AA kukula kwake koma la mavoti 3.7 m'malo mwa 1.5. Mukaliika mu tochi ya AA wamba mutha kuipsereza.

Za malumeni

Kuchuluka kwa kuwala amakuyeza mu malumeni, ndipo apa ndi pamene makatoni ambiri amanama. Babu limodzi la halogen la kutsogolo kwa galimoto limatulutsa malumeni pakati pa 1,000 ndi 1,700. Tsono katochi kofanana ndi chala kolembedwa 50,000 kapena 100,000 kakukuuzani za khalidwe la amene adakapanga.

Ntchito zambiri sizilira kuwala kwakukulu. Malumeni osapitirira 10 ndi okwanira kupeza bowo la loko, kuwerenga mita ya madzi, kapena kuona mwana usiku osadzutsa nyumba yonse. Pakati pa 30 ndi 100 mumayenda bwino m'njira ndi kugwira ntchito mu injini. Kuyambira 300 kupita m'tsogolo n'kounikira kumpanda kapena kutsidya kwa bwalo, kwa kamphindi. Tochi yaing'ono ikakhala pa kuwala kwake komaliza imatentha, ndipo yopangidwa bwino imadzichepetsa yokha pakapita mphindi zochepa. Sikuti yaonongeka, ikudziteteza.

Ndiye sankhani yokhala ndi masitepe awiri kapena atatu a kuwala, ndipo sitepe yotsikayo ikhale yotsikadi. Imeneyo ndiyo mudzagwiritse ntchito kwambiri, ndiyonso imasunga batire. Zothwanimathwanima zija n'zosangalatsa ana. Tochi yoti mudutse kaye pa kuthwanima musanaizime imatopetsa, ndipo pafupi ndi wodwala ndi yosayenera.

Makampani ena, monga Fenix, Nitecore ndi Maglite, amatsata muyezo wotchedwa ANSI FL1, umene udayamba mu 2009, ndipo amajambula tizizindikiro pakatoni. Dziwani kawerengedwe kake. Maola olembedwawo amawawerenga mpaka kuwala kutatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo khumi, choncho maola omalizirawo amakhala a kuwala kofooka. Mtunda wolembedwawo ndi pamene kuwala kwatsala kofanana ndi kwa mwezi wathunthu, ndiye pamene mungazindikire nkhope ya munthu ndi pafupi kuposa pamenepo.

Madzi, chifunga ndi kugwa

Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya, ndipo ikasiya kumabwera mawawa ndi chifunga cha m'miyezi yozizira. Chinyezi chimenechi n'chimene chimapha matochi mwakachetechete. Funani chizindikiro cha IP. IPX4 ikutanthauza kuti imapirira madzi owaza, monga mvula wamba. IPX7 ndi yoti itamira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 siilowa madzi. Wa njinga ndi mlonda asatsike pa IPX4, ndipo akapeza IPX7 kapena IPX8 ndiye bwino.

Koma zolemba aliyense atha kusindikiza. Masulani chotsekera cha kumbuyo muone nokha. Pafupi ndi mazinga payenera kukhala kamkombero ka labala. Ngati palibe, madzi alowa basi. Mazingawo azimanga mosalala, osakhwekhwereza. Ngati ili ndi kabowo ka USB, onani ngati kachivundikiro kake kakutseka molimba. Matochi okoka kumutu kuti kuwala kukule kapena kuchepe amagulidwa kwambiri chifukwa amasangalatsa powaonetsa, komatu kukoka kulikonse kumapopera mpweya wachinyezi m'kati, ndipo m'kupita kwa nthawi galasi limachita nthunzi.

Thupi la aluminiyamu limapirira kugwa ndipo limachotsa kutentha kwa LED. Pulasitiki yochindikala ilinso ndi malo ake, makamaka kwa amisiri a zamagetsi, poti siidutsa moto. Yopyapyala yonyezimira ngati chitsulo ndiyo yoipa. Galasi likhale lolowa m'kati pang'ono kuti tochi ikagwa chamutu lisasweke.

Mtundu wa kuwala nawo uli ndi ntchito. Kuwala koyera kopita ku buluu, kolembedwa 6500K, kumaoneka kwamphamvu m'sitolo, koma m'chifunga ngati cha ku Chikangawa kumakuthobwani m'maso. Kwa pakati pa 4000K ndi 5000K n'kofatsa, ndipo matope, udzu ndi njoka zimasiyanitsika bwino. Amene ntchito yawo imadalira mitundu, monga wolumikiza mawaya kapena namwino woona bala, afunefune yolembedwa CRI 90.

Yoyenera ndani?

Makaniko, pulambala ndi wokonza mafoni amafuna manja onse awiri. Kwa iwo ndi bwino ya pamutu, kapena yokhala ndi kopanira pachipewa, kapena ya maginito kumbuyo yomata pa boneti. Kuluma tochi ndi mano kumaononga mano ndi tochi yomwe. Mlonda atenge ya 18650 yokhala ndi kadontho kowala pakati kofika patali, ndipo batire lachiwiri likhale m'kabokosi kake. Wa Sacramento aimange pahandulo moloza pansi, mamita ochepa kutsogolo kwa tayala, kuti asathobwe oyendetsa galimoto obwera kutsogolo. Kumbuyo kukhale kanyali kofiira, chifukwa galimoto yochokera kumbuyo siona tochi yoloza kutsogolo. Mwana wa sukulu, wamalonda ndi woyang'anira wodwala kuchipatala, ya AA imodzi yokhala ndi kuwala kotsika iwakwanira.

Iyeseni musanapereke ndalama

Matochi mumawapeza mumsika waukulu, ku Taifa, ndi m'masitolo a zamagetsi m'tauni, ndipo abwino ndi achabechabe amagona patebulo limodzi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja adakwera, moti kugula kawiri n'kowawa. Pemphani kuti aikemo batire. Iyatseni, igwedezeni, imenyeni pang'ono pachikhatho. Ikaphethira, m'kati muli polumikiza polobodoka. Dinani switchi kakhumi kapena kupitirira. Iziyankha nthawi iliyonse. Iunikeni pakhoma muone ngati pakati palibe mdima kapena mikombero. Isiyeni iyake kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kufunda n'kwachibadwa, koma yotentha moti simungaigwire, kapena yofooka nthawi yomweyo, ibwezeni. Ngati ndi yotchaja, ibayeni pa tchaja muone kanyali kake kakuyaka. Iikeninso m'thumba: yolemera kapena yaitali mudzayamba kuisiya kunyumba. M'sitolo pemphani lisiti, ndipo funsani ngati amasintha katundu wopezeka ndi vuto.

Kasamalidwe

Ikanyowa, ipukuteni musanaimasule, kenako chotsani batire, muisiye yotsegula pamalo ouma. Musaiike pambaula. Kamodzi pa miyezi ingapo pukutani mazinga ndi sipuling'i ndi kansalu kouma, ndipo pakani girizi ya silicone pang'ono pa kalabala kaja. Vaseline amatha kufufumitsa mitundu ina ya labala. Matochi a switchi yofewa ya pambali amaba moto pang'onopang'ono ngakhale ali chizimire, ndiponso amayaka okha m'chikwama. Pa ambiri a aluminiyamu, kumasula chotsekera cha kumbuyo pang'ono chabe kumadula motowo. Tochi yoti ikhala mwezi osagwira ntchito ichotseni mabatire a alkaline. Batire la lithium musalidikire kuti liphwe kotheratu. Litchajeni kuwala kukangoyamba kufooka. Mabatire akutha musawaponye pamoto kapena pafupi ndi chitsime, ndipo a lithium muwamate tepi kumutu ndi kumbuyo musanawasunge patali ndi ana.