Ubongo, Mitsempha ndi Mwana Wakugwa M'kalasi

Mawu akuti "mtsempha" amasenza katundu wambiri m'chinenero chathu. Njira yodzera magazi timaitcha mtsempha. Chingwe cholimba chomanga mnofu ku fupa, chija chimakana mano m'nyama ya ng'ombe, nachonso ndi mtsempha. Ulusi woyera wonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi timautchanso chimodzimodzi. Chipwitikizi chimasiyanitsa zitatuzi: veia, tendão ndi nervo. Mphunzitsi akapanda kuchenjera, ana adzatuluka m'kalasi akuganiza kuti ubongo umalankhula ndi mwendo kudzera m'magazi.

Chiyambire pamene maphunziro a zinenero ziwiri anayesedwa ku Tete ndi ku Gaza pakati pa 1993 ndi 1997, ntchito yosula mawu a sayansi m'zinenero zathu sinathe. M'phunziro lino tidzati "mitsempha ya magazi" ndi "mitsempha ya mauthenga", ndipo tikupemphani kuti mawu a Chipwitikizi adzabwere pambuyo, mwana atagwira kale tanthauzo.

Likulu la mauthenga onse ndi ubongo pamodzi ndi chingwe cha mumsana, chimene chimatsika mobisika m'kati mwa mafupa a msana. Kuchokera mu ubongo mumatuluka mitsempha ya mauthenga 12 mbali iliyonse, ndipo m'chingwe cha mumsana mumatuluka 31 mbali iliyonse. Mitsemphayi imagawikana kufikira kunsonga za zala. Zonsezi zimamangidwa ndi maselo otchedwa manyuroni, ndipo ubongo wa munthu uli nawo pafupifupi 86 biliyoni. Uthenga umayenda m'selo ngati kamphamvu ka magetsi. Ukafika kumapeto, selo limatulutsa timadzi timene timadzutsa selo lotsatira. M'mitsempha yachangu uthenga umathamanga mamita oposa 100 pa sekondi imodzi.

Chitsanzo chili pamafuwa. Mwana akagwira mphika wotentha, dzanja limachoka iye asanamve kupweteka, pakuti uthenga wafika m'chingwe cha mumsana n'kubwerera pomwepo ku minofu, ubongo n'kumva nkhaniyo pambuyo pake. Funsani ana kuti ndani zinamuchitikirapo. Manja adzakwera ambiri.

Matenda a ubongo ndi mitsempha amabwera pamene njira imeneyi yaonongeka, ndipo malo amene yaonongekera ndiwo amaonetsa zizindikiro. Kachilombo ka poliyo kamapha maselo a m'chingwe cha mumsana amene amalamulira minofu, mwendo n'kulobodoka. Iyi si nkhani yakale: mu 2022 poliyo anapezeka mwa mwana m'boma la Changara, m'chigawo chathu chino, patangopita miyezi yochepa atapezekanso ku Lilongwe. Malungo aakulu amatsekereza timitsempha ta magazi mu ubongo. Matenda oumitsa khosi amatupitsa zikutiro za ubongo. Chinangwa chowawa chosaviikidwa bwino chinapuwalitsa miyendo ya anthu ambiri ku Nampula mu 1981, m'chaka cha chilala.

Koma matenda amene mudzakumana nawo maso ndi maso m'kalasi ndi khunyu, amene ena amati matenda akugwa. Maselo a mu ubongo amatumiza mauthenga mwadongosolo, monga oimba ng'oma odziwa kupatsana mpata. Pa nthawi ya kugwa, maselo ambiri amaomba pamodzi mosalekeza, thupi n'kuuma kapena kuphupha. Ana ena sagwa n'komwe: amangoti duu kwa masekondi angapo, maso ali tong'o, ndipo mphunzitsi wosadziwa amawakalipira kuti sakumvetsera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la OMS limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo 7 mwa 10 alionse angathe kukhala osagwa atalandira mankhwala oyenera.

Zoyambitsa zake n'zambiri: kubadwa movutikira, kuvulala m'mutu, zipsera zosiyidwa ndi malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi. Chimodzi tichikhalire pansi, chifukwa chimakhudza midzi yoweta nkhumba monga yathu ya ku Chifunde. Ndi njoka ya m'mimba yotchedwa Taenia solium, imene ofufuza aipeza mwa nkhumba ndi anthu ku Angónia. Munthu akadya nyama ya nkhumba yosapsa bwino yokhala ndi timibulu toyera, tija anzathu a kum'mawa kwa Zambia amati masese, njoka imakula m'matumbo mwake ndipo mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Nkhumba yoyendayenda ikadya chimbudzicho imagwidwa timibulu. Munthu akameza mazirawo kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, timibulu tingamere mu ubongo wake. Onetsetsani apa, pakuti ambiri amasokoneza: chimene chimafika mu ubongo chimachokera ku mazira a m'chimbudzi cha munthu, kotero ngakhale wosadya nkhumba angadwale. OMS imati kumene njokayi ili yofala, odwala khunyu 3 mwa 10 alionse amadwala chifukwa cha iyo. Phunziro la ubongo likukumana pamenepa ndi phunziro la chimbudzi, khola ndi kusamba m'manja.

Ana adzabwera ndi zimene anamva kunyumba: kuti khunyu ndi ufiti, kuti amapatsirana ndi malovu kapena mpweya wa wodwala. Musawaseke, ndipo musanyoze makolo awo. Alekeni anene zonse m'chinenero chawo, pakuti chikhulupiriro chimene sichinatchulidwe m'kalasi chimabwerera kunyumba chili chamoyo. Kenako nenani momveka kuti khunyu sapatsirana. Mantha amenewa ndiwo amachititsa kuti mwana agwere pamoto anthu ataima patali, ndiwonso amachotsa ana ambiri pasukulu.

Mwana akagwa, chotsani mabenchi ndi miyala pafupi naye, ikani nsalu pansi pa mutu wake, ndipo kuphupha kukatha mugonekeni chammbali. Musamupanikize, musaike supuni kapena chala m'kamwa mwake, musamumwetse madzi asanatsitsimuke. Kugwa kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza iye asanadzuke, thamangirani naye kuchipatala. Akabwerera, akhale pamalo pake pakale, pakati pa anzake.

Ntchito ya m'magulu: lembani mawu onse amene anthu a kwanu amatchulira matenda akugwa, musiyanitse ofotokoza matenda ndi onyoza munthu, ndipo musankhe amodzi amene mudzawagwiritse ntchito pamaso pa mwana wodwalayo ndi makolo ake.