PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MKWIYO WA AMAI A ANA ANG'ONO

Abale ndi alongo, kawirikawiri m'midzi mwathu timamva mai alikukalipira kamwana kace, ndipo tifulumira kunena kuti, Mkazi uyu ngwaukali. Koma tisanamweruze, tiyambe tafunsa kumene mkwiyo wotere ucokera.

1. Gwero lace. Khanda lobadwa kumene liyamwa ka 8 kufikira ka 12 usana ndi usiku. Kulira kwace kunka nikukula kufikira sabata la 6, ndipo kucepa pa miyezi 3 kapena 4. Cotero mai sagona tulo tokwanira, koma kukaca mtondo, mtsuko, nkhuni ndi khasu zirikumlindira. Munthu wosowa tulo apsa mtima msanga. Ndipo atakalipa adzitsutsa yekha, nayamba kuuyesa moyo wace wopanda cokoma.

2. Mkwiyo wina ndiwo nthenda. Bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, linena kuti m'maiko osauka pafupifupi mai 1 mwa amai 5 adwala nthenda ya maganizo atabala mwana. Zizindikilo zace ndizo cisoni cosatha, kusafuna kudya, ndi kukwiya pa kanthu kakang'ono. Zikapitirira masabata 2, timperekeze ku cipatala, pakuti nthendayi icizika. Si ulesi, ndiponso si ufiti.

3. Cenjezo. Munthu asagwedeze khanda mwaukali kuti litonthole, cifukwa ubongo wace ngwanthete, ndipo likhoza kucita khungu kapena kufa kumene. Mtima ukawawa, mai aligoneke cagada pamalo pabwino, aturuke panja kanthawi, naitane mnzace.

4. Mankhwala a kumudzi. Makolo athu anaika mwambo wa cikuta, kuti mai apumule kufikira mcombo wa mwana utagwa, akazi anzace namphikira ndi kumtungira madzi. Anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Koma masiku a cikuta ali owerengeka, ndipo kulera kutenga zaka. Cifukwa cace ife amuna tiziwaza nkhuni ndi kunyamula mwana madzulo. Agogo ndi alamu atenge okulirapo masana, kuti mai agoneko. Mai wothandizidwa akhutira ndi moyo wace, ndipo ana ace akula osaopa mau ace.

Mafunso
1. Cicititsa mai wa khanda kupsa mtima msanga nciani?
2. Tiyenera kumperekeza liti ku cipatala?
3. Ndani m'mudzi mwathu amene tingamlandire katundu sabata lino?