Phunziro: Chimene chimakweza mtengo wa matabwa ku Kasungu

Ophunzira, liwu loti mtengo lili pawiri: pali mtengo womera m'nkhalango, palinso mtengo umene wogulitsa amatchula pamsika. Pa nkhani ya matabwa, woyambawo ukasowa, wachiwiriwo umakwera.

Tiyambe ndi kumene thabwa limachokera. Matabwa ambiri a paini amene mumawaona ataunjikidwa pa Kasungu boma amabwera ndi malole pamsewu wa M1 kuchokera ku Chikangawa, m'mapiri a Viphya. Nkhalango imeneyi, ya mahekitala pafupifupi 53,000, boma linaikuza m'zaka za m'ma 1960 n'cholinga chopangira mapepala. Fakitale ya mapepalayo sinamangidwe, ndipo mitengo inasanduka yocheka. Mu 1999 kampani ya Raiply inapatsidwa mahekitala 20,000. Kumbali yotsalayo kudula kunathamanga kuposa kudzala, moto wolusa nawo n'kumapsereza yaing'ono. Tsono gwiritsitsani apa: paini amafuna zaka zoposa 20 kuti afike pochekedwa. Chimanga chikadula, mlimi amakuza munda dzinja lotsatira. Mwini paini mwayi umenewo alibe.

Mungafunse kuti, nanga mitengo yathu yakonkuno? Yambiri inapita ndi fodya. Wa bale amafuna zigafa, ndipo chigafa ndi milimo ndi mapaso. Wowotcha amadya nkhuni usana ndi usiku. Mlombwa umene agogo anu ankapangira chitseko, lero kuupeza n'kuyenda mtunda.

Chachiwiri ndi ogula. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama zimalowa m'midzi nthawi imodzi, ndipo ganizo la mabanja ambiri limafanana: tigwetse udzu, tikhome malata. Malata amafuna denga lowongoka, ndiye pakhalenso mafelemu, zitseko, mwina ndi kama. Nyengo yake ndi yomwenso njerwa zimawotchedwa. Anthu khumi akamalimbirana mulu umodzi, wogulitsa sapempheka. Ukati "tsitsaniko bwana", amangoyang'ana amene ali kumbuyo kwako.

Chachitatu chimadabwitsa: kuchepa kwa antchito. Ndaona ena mwakweza nsidze, poti achinyamata osowa ntchito ali mbwee pa siteji iliyonse. Zoona, koma chosowa ndi luso. Kucheka kwa pamanja kumafuna anthu awiri omvana, wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenje utuchi ukumugwera kumaso, ndipo mzere ukakhota thabwa lawonongeka. Kalipentala wodziwa kuimika denga saphunzira mwezi umodzi. Ena aluso anapita ku Joni, ndipo otsala amagawanika, pakuti kuthyola, kusoka ndi kusankha fodya kumafuna manja ambiri. Mmisiri akamafunidwa ndi mabwana atatu, malipiro amatchula yekha, ndipo ndalamayo imakathera pa thabwa kapena pa denga.

Makina ocheka sanathetse vutoli, chifukwa amamwa mafuta ogulidwa kunja, monganso lole ya ku Chikangawa ija. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dizilo ndi zipangizo za makina zinakwera, thabwa n'kutsatira.

Ntchito yokachita kunyumba nayi: pitani kwa kalipentala wapafupi, mukapereke moni mwaulemu, mukamufunse mtengo wa thabwa limodzi la denga mu Febuluwale ndi mu Julayi. Mukalembe mitengo yonse iwiri, ndi chifukwa chimene iyeyo apereke, m'mawu ake omwe. Tidzayerekeza Lolemba.