Utsi Umene Timapuma Tonse: Phunziro la Gulu Lathu

Tiwerenge ndimezi mosinthanasinthana, kenako tikambirane mafunso ali m'munsimu.

1. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mlengalenga mwa Mitundu ndi Nathenje mumachita chimbuuzi. Utsiwu timauyambitsa tokha: timatentha mapesi pososa, ana amayatsa tchire posaka mbewa, mauvuni a njerwa amafuka usiku wonse, ndipo msika ukatha zinyalala zimayatsidwa pamodzi ndi majumbo. Koma utsi wochuluka umene timapuma uli m'khitchini mwathu, pa mafuwa atatu. Tayang'anani mwaye umene uli kudenga. Zimene zadetsa dengalo zimalowanso m'mapapo.

2. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linayerekeza kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira ndi matenda odza chifukwa cha utsi wa m'nyumba. Tizidutswa ta muutsi n'tating'ono kwambiri moti timafika mkati mwa mapapo. Timawonjezera chiopsezo cha chibayo kwa ana, timautsa mphumu, ndipo timafooketsa mtima wa akuluakulu.

3. Apa ndi pamene pali nkhani ya chilungamo. Nsima timadya tonse, koma utsi sitigawana mofanana. Amaupuma kwambiri ndi mayi wophika, mwana amene ali kumsana, ndi mtsikana wokoleza moto asanapite kusukulu. Kumsika amaupuma ndi wogulitsa tomato amene anayala pafupi ndi dzala. Anthu amenewa kawirikawiri safunsidwa maganizo pamene mudzi ukupanga mfundo.

4. Tisafulumire kuloza chala. Wokankha njinga ya makala ochokera ku Dzalanyama kupita ku Lilongwe ndi m'bale wathu amene akusaka fizi ya ana. Komabe nkhalango imeneyo ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde. Mzinda umene ukugula makalawo ukuumitsa chitsime chake chomwe. Vutoli likutimanga pamodzi, akumudzi ndi akutauni.

5. Malamulo alipo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo Khoti la Suprimu linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi athanzi. Koma lamulo silidzabwera kudzazima moto wa kuseri kwa nyumba yathu. Imeneyo ndi ntchito yathu.

6. Nazi zina zimene tingathe ndi manja athu. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dongo, imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa. Nkhuni zouma bwino zimafuka pang'ono. Kuphikira panja, kapena kuboola zenera m'khitchini, kumathandiza kuti utsi uzituluka. Mwana akhale patali ndi moto pamene tikuphika. Mapesi ndi masamba tiziwakwirira kapena kupangira manyowa, chifukwa feteleza wakwera mtengo ndipo nthaka yathu ikuwafuna. Kumsika tizinyamula dengu kapena thumba lansalu. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, choncho mbande tiyenera kufesa miyezi ingapo nyengoyo isanafike.

7. Tikagwirizana chochita, tipite kwa a mfumu ndi ku komiti ya msika modzichepetsa, osati ngati odziwa zonse. Tiitane anansi a mipingo ndi zipembedzo zonse, pakuti utsi susankha khomo.

Mafunso okambirana

a. Kodi m'mudzi mwathu utsi wambiri umachokera kuti, ndipo umachuluka nthawi yanji?

b. Ndani amaupuma kwambiri? Kodi tinawafunsapo maganizo awo?

c. Tingalankhule bwanji ndi wootcha njerwa kapena makala popanda kumunyoza?

d. Ana ndi achinyamata angatengepo mbali yanji?

Ntchito ya sabata ino

Tiyende awiriawiri, tichezere mabanja atatu. Tipemphe kuona pamene amaphikira, timvetsere kwambiri kuposa kulankhula, ndipo tilembe zimene tamva. Tiyambe ndi khitchini ya kwathu komwe. Tikadzakumananso, tidzasankha chinthu chimodzi chokha choti tichite limodzi mvula isanagwe.